Maphunziro apamwamba a mbiri ya zaluso: Masters kaye kapena PhD mwachindunji?

Nyenyezi

Ndikupempha nzeru kwa amene anaphunzira kapena amaphunzitsa mbiri ya zaluso pa digiri yachiwiri ndi yachitatu. Digiri yanga yoyamba ndi ya mbiri yakale, ndipo magiredi anga ndi abwino, koma pa maphunziro onse amene ndinatenga, okhudza zojambula ndi zosemasema ndi ochepa kwambiri. Chimangirizo changa chomaliza chinali chokhudza malonda a pakati pa Apwitikizi ndi anthu a m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo ndili m'kati mwa kafukufukuyo ndinakopeka ndi zinthu za minyanga ya njovu zimene amisiri a m'dera limene lero ndi Sierra Leone ankasemera Apwitikizi, monga masupuni, zosungiramo mchere ndi malipenga. Ndikufuna kuti zinthu zimenezi zikhale mutu wa kafukufuku wanga, kuti pambuyo pake ndidzaphunzitse pa yunivesite kapena ndidzagwire ntchito kumyuziyamu.

Vuto langa ndi lakuti malangizo amene ndalandira akutsutsana. Ena akuti munthu amene alibe digiri yoyamba ya mbiri ya zaluso sangatengedwe pa PhD, choncho ndiyambe ndi Masters ya chaka chimodzi ku Britain, makamaka ku Courtauld, sukulu ya mbiri ya zaluso ya ku London, popeza dzina lake ndi lolemekezeka kulikonse. Ena akuti kulipira Masters ndi kutaya ndalama, chifukwa mayunivesite a ku America amatenga anthu pa PhD atangomaliza digiri yoyamba ndipo amawalipirira zonse. Ndalama zoti ndidzilipirire ndekha ndilibe, ndipo ngongole ndikuiopa.

Nkhani ya zilankhulo ikundisowetsanso mtendere. Chifalansa ndimawerenga pang'ono, Chijeremani sindichidziwa n'komwe, koma pafupifupi paliponse pamene ndayang'ana akutchula Chijeremani. Kodi n'chofunikadi kwa munthu amene akufuna kufufuza zosema za ku Africa? Komanso pa chitsanzo cha zolemba chimene amafuna, kodi ndingatumize chimangirizo changa cha zamalonda chija momwe chililimo, kapena ndiyenera kulemba china? Ndithokoza aliyense amene angandiunikire.

Kadzidzi

A Nyenyezi, ndiyamba ndi funso limene mwaliika kumapeto, chifukwa ndilo lolemera kuposa onse. Ndinakhalapo m'komiti yosankha ophunzira, ndipo ndinganene mosakayika kuti digiri yoyamba ya mbiri yakale si chopinga. Anthu amalowa m'phunziroli kuchokera ku mbiri, ku zilankhulo, ku zachipembedzo, ngakhalenso ku zomangamanga. Chimene komiti imafuna kuona n'chakuti munthuyu amadziwa kuyang'ana chinthu n'kutulutsa mfundo m'chinthucho, ndipo malo okhawo amene zimenezi zimaonekera ndi m'chitsanzo cha zolemba. Magiredi a ofunsira malo ambiri amakhala ofanana, makalata a umboni nawonso amakhala otamanda okhaokha, koma masamba 15 kapena 20 amene munthu walemba yekha sabisa kanthu.

Zimangirizo zambiri za ophunzira mbiri zimene ndawerengapo zimatenga chinthu chosemedwa ngati umboni chabe wakuti malonda analipo. Chithunzi chimaikidwa pakati pa masamba, chiganizo chimodzi chimachitchula, nkhani n'kupitirira. Kwa katswiri wa mbiri ya zaluso, lipengalo ndilo mwini nkhani. Tengani lipenga limodzi, osati gulu lonse, ndipo mulifotokoze mpaka wowerenga alione. Malipenga ambiri amene anasemedwera Apwitikizi ali ndi bowo louzirapo kunsonga, monga malipenga a alenje a ku Ulaya, pamene amene eni dera ankaliza okha ali ndi bowolo m'mbali, ndipo kusiyana kumeneku kokha kukukuuzani kale amene ankayembekezeka kuliliza. Kenako onani momwe mmisiri wagawira thupi lokhota la mnyanga m'zigawo, ndi mizere yosemedwa ngati zingwe zopota, ndi momwe alenje, agalu ndi nyama zosakidwa zikuzungulira mnyangawo, kotero kuti simungaione nkhani yonse popanda kuutembenuza m'manja. Onaninso pamene waika zizindikiro za ufumu wa Portugal, monga mpira wa mikombero umene unali chizindikiro cha Mfumu Manuel I, amene analamulira kuyambira mu 1495 mpaka mu 1521. Akatswiri anasonyeza kale kuti zina mwa zithunzi za ulenjezi zinatengedwa m'mphepete mwa masamba a mabuku a mapemphero amene ankasindikizidwa ku Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500. Funso la mbiri ya zaluso likuyambira pamenepo. Chithunzi chimene chinapangidwira pepala lathyathyathya chimasintha bwanji chikafika m'manja mwa munthu wozolowera kusema mozungulira? Wasiya chiyani, wakulitsa chiyani, ndipo nkhope za alenjewo wazisema motsatira pepalalo kapena motsatira kasemedwe ka kwawo, konga kamene kamaoneka pa tizifanizo ta miyala topezeka m'dera lomwelo? Ntchito imeneyi siifuna liwiro, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukatero, zonse zimene mukudziwa za malonda zibwerera m'nkhaniyo zili mphamvu yanu, chifukwa ophunzira ambiri a mbiri ya zaluso sanazolowere kuwerenga mabuku a msonkho ndi a katundu wa m'zombo. Choncho yankho langa ndi lakuti chimangirizo chakalecho musachitumize momwe chililimo, ndipo musachitayenso. Chilembeninso kuchokera pa chinthu chimodzi.

Kalata yofotokoza cholinga chanu ikhale yaifupi ndi yolunjika. Musayambe ndi kunena kuti munayamba kukonda zojambula muli mwana, chifukwa komiti inachiwerenga kambirimbiri chiganizo chimenecho ndipo sichisiyanitsa munthu ndi mnzake. Nenani funso limene mukufuna kufufuza, zimene mwachita kale pa funsolo, zimene zikukusowani, ndi chifukwa chake nthambi imene mukuilemberayo ndiyo ingakupatseni zosowazo. Kuchepa kwa maphunziro a zaluso pa chikalata cha magiredi anu mukutchule nokha m'chiganizo chimodzi, popanda kupepesa. Makalata a umboni amafunika kawirikawiri atatu ku America ndi awiri ku Britain, ndipo ndi bwino kusankha aphunzitsi amene anawerengadi zolemba zanu, ngakhale akhale a udindo wotsika, kusiyana ndi pulofesa wotchuka amene amangokudziwani nkhope. Muwapatse mwezi wathunthu kapena kuposerapo, pamodzi ndi chitsanzo chatsopanocho, kuti alembe za ntchito yomweyo imene komiti idzaione.

Pa nkhani ya Masters, ine ndikuona kuti ingakuthandizeni, chifukwa chaka chokhala pafupi ndi zinthu zenizeni, pakati pa anthu amene amaziyang'ana tsiku ndi tsiku, chimasintha kalembedwe ka munthu. Koma musasankhe potsatira dzina. Courtauld ndi sukulu yolemekezeka kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1932, komabe mphamvu yake yakale ili pa zaluso za ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri wophunzira wa Masters kumeneko wakhala akusankha mutu umodzi wopapatiza umene mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa kagulu kochepa. Ngati pa mitu ya chaka chimenecho palibe woyandikana ndi nkhani yanu, dzinalo silikupindulirani kanthu. Yang'ananinso Sainsbury Research Unit ya pa University of East Anglia ku Norwich, imene Masters yake ndi ya zaluso za ku Africa, Oceania ndi America, komanso SOAS ku London, sukulu ya maphunziro okhudza Africa ndi Asia, yomwe ili pafupi ndi British Museum. Warburg Institute ya ku London, imene laibulale yake inasamutsidwa kuchokera ku Hamburg mu 1933, ndi malo a anthu ofufuza momwe zithunzi zimayendera kuchoka kwina kupita kwina, ndipo funso la mabuku a ku Paris lija ndi la mtundu umenewo.

Wapaulendo

Ndikugwirizana ndi a Kadzidzi pa chitsanzo cha zolemba, koma pa Masters ndisiyana nawo pang'ono, chifukwa a Nyenyezi anena momveka bwino kuti ndalama alibe, ndipo Masters ya ku Britain, kwa munthu wochokera kunja, ndi yokwera mtengo kwambiri, osawerengera za nyumba ku London. Ndikulemba monga munthu amene ali m'kati mwa PhD ku America.

PhD ya kuno ili ndi Masters m'kati mwake. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira munthu amakhala m'kalasi, amalemba mayeso a zilankhulo, kenako mayeso aakulu a gawo lake, ena olemba ena apakamwa, ndipo akakhoza m'pamene amapereka dongosolo la kafukufuku wake. Zonse pamodzi zimatenga zaka 6 mpaka 8. Mayunivesite akuluakulu amalonjeza thandizo la zaka zisanu, lomwe ndi fizi yonse, ndalama ya mwezi ndi mwezi ndi inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo m'zaka zina wophunzira amathandiza kuphunzitsa a digiri yoyamba. Zaka zotsalazo munthu amafunafuna thandizo lina, monga limene limaperekedwa ndi Metropolitan Museum of Art kapena National Gallery of Art ya ku Washington kwa anthu amene akulemba kafukufuku wawo. PhD ya ku Britain ndi yosiyana. Imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ilibe makalasi ochuluka, munthu amalowa ali kale ndi Masters ndi dongosolo la kafukufuku lolembedwa bwino, ndipo malo ndi ndalama zimafunsiridwa padera, moti n'zotheka kupatsidwa malo popanda ndalama iliyonse.

Amene anakuuzani kuti ku America amatenga anthu atangomaliza digiri yoyamba sananame, koma sanamalize nkhani. Nthambi za mbiri ya zaluso zimatenga anthu ochepa kwambiri pa chaka, ndipo mphunzitsi wa zaluso za ku Africa, amene nthawi zambiri amakhala yekha m'nthambi yonse, sangalandire wophunzira watsopano chaka chilichonse. Ochuluka ndithu mwa amene amatengedwa amakhala ali ndi Masters kale. Choncho ine ndingafunsire zonse ziwiri m'nyengo imodzi: PhD m'mayunivesite ochepa amene muli mphunzitsi woyenerera mutu wanu, ndi Masters m'malo amene amalipirira ophunzira. Malo oterewa alipo. Mayunivesite ena a boma ku America ali ndi Masters ya zaka ziwiri imene wophunzira salipira fizi chifukwa amathandiza aphunzitsi, ndipo ya ku Williams College, yoyendetsedwa pamodzi ndi Clark Art Institute ku Williamstown, ndi yodziwika pokonzekeretsa anthu ku PhD ndi kumamyuziyamu. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi kupatula kandalama ka pa semesita, ngakhale kuti chigawo cha Baden-Württemberg chinayamba mu 2017 kulipiritsa ochokera kunja kwa European Union mayuro 1,500 pa semesita, koma maphunziro ambiri a mbiri ya zaluso kumeneko amachitika m'Chijeremani. Ngati mtima uli ku Britain, sikolashipu ya Chevening imalipirira Masters ya chaka chimodzi kwa anthu a m'mayiko oyenerera, koma imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, zimene amaziwerengera pa maola 2,800, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Lamulo lomalizali muliganizire bwino ngati mukufuna kulowa PhD mukangomaliza.

Chenjerani ndi kalata imene imati sitinakutengeni pa PhD koma takupatsani malo pa Masters yolipira nokha. Imafika pa nthawi imene munthu wakhumudwa, imakhala ndi dzina la yunivesite yotchuka pamwamba pake, ndipo ambiri amatenga ngongole poganiza kuti chaka chamawa adzalowa PhD pamalo pomwepo, chimene palibe amene wawalonjeza. Malipiro a m'ntchito imeneyi si oti angabweze ngongole yaikulu msanga. PhD yopanda ndalama ndiye musaivomere n'komwe.

Za nthawi, mafomu a ku America amatsekedwa mu Disembala kapena kuchiyambi kwa Januwale, mayankho amabwera mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo mayunivesite ambiri anagwirizana kuti munthu amene wapatsidwa malo ndi ndalama asakakamizidwe kuyankha lisanafike tsiku la 15 Epulo. Fomu iliyonse imalipiridwa pafupifupi madola 100, kwina kuposerapo, koma ena amakhululukira munthu akapempha msanga. Nthambi zambiri zinasiya kufuna mayeso olowera maphunziro apamwamba otchedwa GRE, pamene zotsatira za IELTS ndi TOEFL, kwa amene akufunika kusonyeza kuti amadziwa Chingerezi, zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Nyenyezi

Zikomo kwambiri a Kadzidzi ndi a Wapaulendo. Ndayamba kale kusankha lipenga loti ndilembepo, ndipo ndidzafunsira Masters ndi PhD pamodzi monga mwanenera ndikadzamaliza chitsanzocho. Funso la zilankhulo likadalipo, ndipo ndawonjezera ena awiri. Kodi n'koyenera kumulembera mphunzitsi amene ndikufuna kuti adzandiyang'anire ndisanatumize mafomu, kapena zimaoneka ngati kudzikometsera? Komanso, zinthu zimene ndikufuna kulembazi zili m'mamyuziyamu akutali ndi kumene ndili, ndipo ndimangoziona pa zithunzi. Kodi komiti ingalemekeze kafotokozedwe ka chinthu chimene wolembayo sanachionepo ndi maso?

Mlembi

A Nyenyezi, Chijeremani chimatchulidwa paliponse chifukwa phunziroli linakulira m'mayunivesite olankhula Chijeremani. Alois Riegl ku Vienna, Heinrich Wölfflin, Aby Warburg ndi Erwin Panofsky onse analemba m'chilankhulo chimenechi, ndipo chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, akatswiri ambiri anathawira ku Britain ndi ku America, kumene anaumba nthambi zimene mukufunsirakozi. Lamulo la zilankhulo ziwiri, Chijeremani ndi china, linachokera kumeneko. Masiku ano nthambi zambiri zimalola kuti wophunzira ndi womuyang'anira asankhe zilankhulo zoyenerera kafukufukuyo, ndipo zimene amayesa ndi kuwerenga kokha. Amakupatsani ndime ya m'buku la akatswiri, mtanthauziramawu ndi maola ochepa, kuti muimasulire m'Chingerezi. Simufunika kukhala mutakhoza mayesowa musanalowe, koma komiti imakondwera ikaona kuti mwayambapo.

Kwa inu choyamba ndi Chipwitikizi, ndipo popeza mumawerenga Chifalansa, sichikuvutani kwambiri. Zolembedwa zambiri za nyumba za malonda za mfumu ku Lisbon zinawonongeka pa chivomezi cha mu 1755, koma buku la ndalama la mu 1504 ndi 1505 la Casa da Guiné, nyumba imene inkayang'anira malonda a kumadzulo kwa Africa, linapulumuka, ndipo limatchula msonkho umene amalinyero ankalipira pa masupuni ndi zosungiramo mchere za minyanga zimene ankabwera nazo. Kuti mudzawerenge zolembedwa zoterezi ku Torre do Tombo, nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko la Portugal, mudzafunika kuphunzira kalembedwe ka pamanja ka nthawiyo, kodzaza ndi mawu ofupikitsa, ndipo limeneli ndi luso lapadera limene n'kwabwino kufunsa ngati yunivesite imaliphunzitsa.

Chijeremani musachithawe, chifukwa mutu wanu womwewo ukukutengerani kumeneko. Zolemba za Valentim Fernandes, wosindikiza mabuku amene ankakhala ku Lisbon ndipo anatamanda luso la amisiri a ku Sierra Leone kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500, zimasungidwa ku Munich. Zambiri mwa zosemazi zinakathera m'zipinda za zinthu zodabwitsa za mafumu ndi anthu olemera a m'mayiko olankhula Chijeremani, ndipo mindandanda ya katundu wa m'zipindamo ndiyo imatiuza chaka chimene chinthu chinali chitafika kale ku Ulaya. Mindandanda yomweyo nthawi zambiri imati zinthuzi n'zochokera ku India kapena ku Turkey, choncho munthu amene sangathe kuiwerenga yekha sangazindikire kuti chinthu chimene chalembedwa kuti ndi cha ku India ndi chomwe iye akuchifunafuna. Mukadzafika pa zosema za ku Benin, ufumu wakale wa m'dera limene lero ndi Nigeria, buku lalikulu la Felix von Luschan la mu 1919 ndi la m'Chijeremani. Chitaliyana chingadikire, ngakhale malipenga a ku Kongo akupezeka kale pa mndandanda wa katundu wa Cosimo I de' Medici wa mu 1553. Ndipo ngati mukufuna kufunsa za amisiriwo, osati ogula okha, Chitemne kapena Chisherbro, zimene zimalankhulidwa ku Sierra Leone, n'zilankhulo za kafukufuku monga zinazo, ndipo muyenera kufunsa ngati nthambi ingazivomere.

Kumulembera mphunzitsi si kudzikometsera. Ku Britain ndi ku Germany n'kofunika ndithu pa PhD, chifukwa popanda munthu wovomera kukuyang'anirani fomu yanu siyenda. Ku America amene amasankha ndi komiti, koma imelo yaifupi mu Seputembala kapena Okutobala imakupulumutsani ku ndalama zotayika. Lembani ndime imodzi yonena funso lanu, mutchule cholembedwa chake chimene munawerengadi, ndipo mufunse ngati akulandira ophunzira chaka chamawa. Mwina ali pa tchuthi cha kafukufuku, mwina akupuma pa ntchito posachedwa, mwina akusamukira kwina, ndipo zimenezi sizilembedwa msanga pa tsamba la nthambi. Akapanda kuyankha musatenge ngati wakukanani. Gawoli ndi laling'ono ndiponso laposachedwa, moti PhD yoyamba ya zaluso za ku Africa ku America inali ya Roy Sieber pa University of Iowa mu 1957, ndipo mpaka lero m'malo ambiri gawo lonse limadalira munthu mmodzi. N'chifukwa chake muyenera kuona ngati pali mphunzitsi wachiwiri, kaya wa zaluso za ku Ulaya za m'ma 1500 kaya wa m'nthambi ya mbiri, amene angakutengeni woyambayo atachoka. Lemberaninso ophunzira amene ali m'manja mwake panopa, muwafunse kuti amatenga nthawi yaitali bwanji kubweza zimene amupatsa kuti awerenge.

Msungi

Ine ndimagwira ntchito kumyuziyamu, ndipo ndaona kuti a Nyenyezi atchula kuphunzitsa ndi myuziyamu m'chiganizo chimodzi ngati kuti njira yake ndi imodzi. Pali maphunziro atatu amene anthu amawasokoneza. Mbiri ya zaluso imakonzekeretsa munthu kufufuza ndi kulemba. Maphunziro a kayendetsedwe ka mamyuziyamu, monga a ku University of Leicester amene anayamba mu 1966, amaphunzitsa kusunga kaundula wa zinthu, kukonza zionetsero ndi kulandira anthu. Kuteteza ndi kukonza zinthu zakale ndi ntchito inanso, imene sukulu zake, monga ya Winterthur ndi University of Delaware, zimafuna kuti munthu akhale ataphunzira kemisitiri asanalowe. Woyang'anira gawo m'myuziyamu yaikulu masiku ano amayembekezeka kukhala ndi PhD, koma pa ntchito zina zambiri Masters ndi zaka zogwira ntchito zimakwana, ndipo munthu amene watha zaka 7 m'laibulale osagwirapo chinthu ndi manja amapezeka kuti watsalira kwa mnzake amene ankalemba kaundula m'chipinda chosungiramo katundu. Malo okhazikika a uphunzitsi pa yunivesite ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene amamaliza PhD, ndipo muyenera kulowa mukudziwa zimenezi. Posankha sukulu funsani ngati ophunzira amaloledwa kugwira ntchito m'myuziyamu ya pa yunivesitepo, ndipo funsani kumene anapita anthu amene anamaliza m'zaka zisanu zapitazi.

Gawo limene lakula posachedwapa ndi lofufuza mbiri ya umwini wa zinthu, kuti chinachoka bwanji kwa eni ake ndipo chinadutsa m'manja mwa yani. Lipoti la Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy la mu Novembala 2018, lokhudza kubweza zinthu za ku Africa zimene zili m'mamyuziyamu a ku France, linafulumizitsa nkhaniyi, dziko la Germany linasainirana ndi Nigeria mu Julayi 2022 mgwirizano wobweza umwini wa zinthu za ku Benin, ndipo chaka chomwecho Digital Benin inaika pa intaneti kaundula wa zinthu zoposa 5,000 za m'mabungwe 131. Munthu wodziwa kuwerenga mindandanda yakale m'Chijeremani ndi m'Chipwitikizi ndi wofunika pa ntchitoyi, ndipo University of Bonn ili ndi Masters yake. Ntchito zambiri zoterezi ndi za kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu.

Komabe musakakamize mutu wanu kulowa m'nkhani yobweza zinthu pofuna kuti uoneke wamakono. Zinthu za m'nyumba ya mfumu ku Benin zinalandidwa ndi asilikali a Britain mu 1897, pamene masupuni ndi malipenga anuwo anaitanitsidwa ndi kugulidwa zaka pafupifupi 400 nkhondoyo isanachitike, kuchokera kwa amisiri amene ankadziwa zimene ogula akufuna. Wowerenga wodziwa gawoli adzaona msanga ngati mwasakaniza ziwirizi. Dziwaninso kuti chinthu cha mnyanga wa njovu sichiwoloka malire mosavuta, ngakhale chikhale cha zaka 500, chifukwa cha zilolezo za CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha, ndi malamulo a mayiko monga Ivory Act ya ku Britain ya mu 2018, choncho musayembekezere kuti chionetsero chidzakusonkhanitsirani zinthuzi pamalo amodzi. Ndinu amene mudzaziyendere, ndipo ndalama za maulendo a kafukufuku muzifunse musanavomere malo.

Kadzidzi

Funso la zithunzi silinayankhidwe. Komiti imadziwa kuti wofunsira malo sangayendere mamyuziyamu a dziko lonse, ndipo palibe amene angakuchotsereni kanthu chifukwa chogwiritsa ntchito zithunzi, malinga mwanena poyera. Ikani mawu m'munsi mwa tsamba loyamba onena kuti mwafotokoza chinthucho kuchokera pa zithunzi za myuziyamu yakutiyakuti, ndi nambala yake ya m'kaundula. Sankhani lipenga limene linajambulidwa mbali zonse, pakuti British Museum ndi Metropolitan Museum of Art anaika zithunzi zambiri pa intaneti pamodzi ndi miyeso yake. Dulani pepala la utali womwewo kuti mudziwe kukula kwenikweni kwa kagalu kamene pa kompyuta kakudzaza sikirini yonse. Pamene chithunzi sichikuonetsa, monga m'kati mwa lipengalo, kuzama kwa kasemedwe kapena malo amene afufutika ndi manja, nenani kuti funsolo likudikira kuti mudzachione chinthucho, ndipo funso lomwelo mulibweretse m'kalata ya cholinga monga chifukwa chimene mukufunira sukuluyo. Mukhozanso kulembera woyang'anira gawolo kumupempha zithunzi za mbali imene sikuoneka, chifukwa m'mafayilo awo mumakhala zithunzi zambiri kuposa zimene amaika poyera. Ngati pafupi ndi kumene muli pali myuziyamu iliyonse yokhala ndi chosema cha mnyanga kapena cha mtengo, pemphani kuti mukachione m'chipinda chophunzirira, ndipo mulembe masamba awiri ochifotokoza musanayambe chitsanzo chenichenicho.